Ku Mua mpingo udamangira nyumba ngakhale Gule Wamkulu

Aliyense amene wayendapo pa msewu wa kunyanja, kuchokera pa Kamuzu Road ku Salima kulowera ku Chipoka, Mtakataka mpaka ku Golomoti, adaonapo matchalitchi osatha kumanga. Apa pali maziko amene amera chisoso, apo khoma lafika pa mawindo n'kuima, patsogolo pang'ono malata akhomedwa mbali imodzi yokha moti akhristu amapemphera atathithikana kumene kuli mthunzi.

Mabanja ambiri amadziwa kumene mphamvu za ntchito yotere zimachokera. Zimachokera m'maenvelopu a Pepa Sande, m'thumba la chimanga kapena la mpunga limene banja limapereka likakolola, ndiponso pa mitu ya amayi amene amasenza mchenga ndi madzi Loweruka m'mamawa. Ndiye si zodabwitsa kuti potuluka m'mapemphero ena amafunsana motsitsa mawu kuti kodi zomangamangazi zidzapindulira ndani. Kodi ndi a mumpingo okha, kapena ndi mwana wa mnansi amene sapemphera nawo?

Pa msewu womwewu pali malo amene akhala akulimbana ndi funso limeneli kwa zaka zoposa 120. Munthu akayenda makilomita pafupifupi 60 kummwera kwa tauni ya Salima, atadutsa doko la Chipoka ndi msika wa Mtakataka, amapeza mphambano ya kamsewu kolowera kuphiri. Kamsewuko kamathera pa nyumba za njerwa zofiira zimene zili m'tsinde mwa mapiri a Dedza. Kumeneko ndiye ku Mua, imodzi mwa mishoni zakale kwambiri za Mpingo wa Katolika m'dziko muno.

Pa mapu a boma, Mua ali m'boma la Dedza, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Koma kutentha kwake, milambe yake ndi ndiwo za pa msika wake ndi za kunyanja, ndipo anthu amene amadalira malowa sayang'ana malire a boma akadwala.

Alendo a mikanjo yoyera

Ansembe a chipani cha White Fathers, chimene adachiyambitsa Charles Lavigerie ku Algiers mu 1868, adafika ku Mua mu Sepitembala 1902. Dzina lawo silidachokere ku khungu monga ambiri amaganizira, koma ku mkanjo woyera umene ankavala. Uku sikudali koyamba kuti chipanichi chiponde dziko lino. Mu 1889 anzawo adakhazikika kwa Mponda ku Mangochi, koma zinthu sizidawayendere ndipo adachokako mu 1891.

Pobwera kachiwiri adapeza dera la mitundu itatu. Achewa adali eni nthaka, Angoni a Kachindamoto ndiwo ankalamulira, pamene Ayao, ambiri a iwo Asilamu, adali m'mbali mwa nyanja ndi malonda awo. Mafumu a Angoni adawalandira bwino alendowa, ndipo mu 1908 mishoni ina idatsegulidwa ku Mtakataka, pafupi ndi likulu la Kachindamoto. Kutentha ndi malungo a kuchigwa zidawasautsa ansembewo kotero kuti mu 1910 adatsegula Bembeke pamwamba pa phiri, kumene ofooka ankakapezako mphamvu.

Tchalitchi choyamba cha ku Mua chidamangidwa mu 1905. Koma posakhalitsa alendowo adaona kuti amene ankagogoda pakhomo m'mamawa sankafuna katekisimu poyamba. Ankabwera ndi zilonda, ana otentha thupi ndi amayi amene pakati pawavuta. Asisiteri a chipani cha White Sisters adafika mu 1911, ndipo ntchito yosamalira odwala imene idayamba mochepa idakula pang'onopang'ono mpaka kukhala chipatala cha Mua Mission chimene chilipo lero.

Apa ndiye mpanda wa mishoni udayamba kusendera. Ndipo chimene chidausuntha si kuchuluka kwa opemphera, koma mavuto a anthu a m'midzi yozungulira.

Mudzi wa anthu othawidwa

Mu 1927 mishoniyi idatsegula malo osungirako odwala khate. Wachinyamata wa lero sangamvetse msanga kulemera kwa nkhani imeneyi, chifukwa khate salionanso kawirikawiri. Masiku amenewo wakhate ankamumangira kanyumba kwa yekha, mbale yake inkakhala yakeyake, ndipo m'madera ena ngakhale maliro ake sankayendetsedwa ngati a anthu ena onse. Mankhwala enieni kudalibe. Amene adalipo adali jakisoni wowawa wa mafuta a mtengo wina wa ku Asia wotchedwa chaulmoogra, amene ankathandiza ochepa chabe.

Choncho chimene odwalawo ankapeza ku Mua makamaka chidali pogona, chakudya, wowatsuka zilonda ndiponso anzawo ocheza nawo. Kwa munthu amene abale ake enieni amamuponyera nsima chapatali, zimenezi sizidali zazing'ono.

Zinthu zidasintha mankhwala a dapsone atafika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo zidasinthiratu m'zaka za m'ma 1980 pamene bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO lidalimbikitsa kuphatikiza mankhwala angapo. Wodwala adayamba kuchira ali kwawo, akumwa mapiritsi kwa miyezi 6 kapena 12. Pofika mu 1994 Malawi adatsitsa chiwerengero cha odwala khate kufika pa munthu wosakwana mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Matendawa sadatheretu, ndipo chigamba chotuwa pakhungu chimene sichimva kukhudza n'chofunikabe kukachionetsa ku chipatala. Koma midzi ya akhate idatha ntchito.

Phunziro lake kwa omanga a lero n'loonekeratu: nyumba ikhoza kumangidwa chifukwa cha vuto lenileni, vutolo n'kudzatha nyumbayo ikadali chiimire.

Gulu lina limene lidapeza malo ku Mua ndi la ana osamva. Sukulu ya Mua School for the Deaf ndi imodzi mwa sukulu zochepa za mtundu umenewu m'dziko muno, pamodzi ndi zina monga Maryview ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo ndi Embangweni ku Mzimba. N'zochititsa chidwi kuti zambiri mwa sukuluzi zidayamba ndi mipingo. Kunyanja, kumene malungo aakulu ndi matenda oumitsa khosi amasiya ana ena atagontha, mwana wotere akalowa m'kalasi wamba la ana 100 amangokhala ngati mlendo mpaka kutopa n'kusiya. Ku sukulu yakeyake amaphunzira chinenero cha manja, amapeza anzake, ndipo makolo amadabwa kuona kuti mwana amene ankamuyesa wopanda nzeru ali ndi nkhani zambiri zoti anene.

Dera lomweli lidabalanso Cornelius Chitsulo, amene adabadwa mu 1909, nakhala wansembe woyamba wa Chimalawi mu Mpingo wa Katolika mu 1937. Patatha zaka 20, mu 1957, adadzozedwa kukhala episkopi woyamba wa Chimalawi ndipo adatsogolera Dedza.

Nkhondo ya sukulu ndi dambwe

Kulandira odwala ndi olumala n'chinthu chimene mpingo uliwonse ungachifotokoze mosavuta pa guwa. Panali gulu lina limene kwa zaka zambiri mishoni ya Mua sinkafuna ngakhale kumva ng'oma yake: anthu a Gule Wamkulu.

Katswiri wa mbiri yakale Ian Linden adalemba buku lonse, limene lidatuluka mu 1974, lofotokoza m'mene Akatolika ndi Achewa adalimbanirana pakati pa 1889 ndi 1939, ndipo Mua ili pakatikati pa nkhaniyo. Mkangano udakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920. Gwero lake lidali ana. Ansembe ankafuna anyamata kusukulu ndi ku katekisimu, pamene akuluakulu a mudzi ankawafuna kudambwe, kumene mnyamata wa Chichewa ankakulira n'kulandira mwambo. Mnyamata akalowa kudambwe, nthawi zambiri sukulu inkathera pomwepo. Akabatizidwa, mudzi unkaona kuti wataya munthu wodzavina pa maliro a agogo ake.

Maliro nawo ankautsa mapiri pachigwa. Mkhristu akamwalira m'mudzi wa mzinda, abale ankafuna kumuperekeza ndi gule, aphunzitsi a mpingo n'kumakana. Milandu ina inkafika mpaka kwa bwanamkubwa wa boma ku Dedza. Ukwati wa chikamwini unkawonjezera moto, chifukwa mnyamata wobatizidwa ankakakhala kwa mkazi, kumene mawu omaliza pa ana adali a atsibweni awo, osati ake.

Achewa sadayankhe ndi makalata kapena misonkhano. Adayankha pabwalo. Mu gule mudatulukira zilombo monga Maliya ndi Simoni, za nkhope yofiirira ngati ya mzungu wopsa ndi dzuwa, zimene mayina ake adatengedwa m'chiphunzitso cha amishoni. Imeneyi idali njira yawo yonena kuti mlendoyo amuona, amuyeza, ndipo amupezera malo pakati pa zilombo zina.

Kwa zaka zambiri lamulo lidali lomveka: wovina gule sangalandire masakalamenti, ndipo m'mipingo yambiri ya m'chigawo chapakati lamulo lotere likadalipo. Mabanja ambiri a ku Salima, Dowa ndi Dedza amadziwa ululu wake, pamene bambo ndi wa kudambwe, mayi ndi wa kwaya, ndipo pa maliro pamafunika kukambirana usiku wonse kuti ayambe ndani.

Kusintha kudayambira kutali. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa Vatican II, umene udachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, udalola kuti Misa izichitika m'zinenero za anthu ndipo udalimbikitsa kulemekeza zabwino za m'miyambo yawo. Mu 1969 Papa Paul VI ali ku Kampala adauza Aafirika kuti ali ndi ufulu wokhala ndi Chikhristu cha nkhope ya Chiafirika. Zonena zinali zokoma, koma pankafunika munthu woti azisandutse njerwa ndi matabwa.

Chisale wa ku Canada

Munthuyo adali Bambo Claude Boucher, wansembe wa White Fathers wochokera ku Montreal m'dziko la Canada, amene adafika m'Malawi mu 1967. Iye adali waluso lojambula, ndipo m'malo moyamba n'kudzudzula adayamba n'kufunsa. Adaphunzira Chichewa mpaka kufika pa miyambi ndi zining'a zake, ankapezeka pa maliro ndi pa zinamwali akulemba ndi kujambula, ndipo Achewa adamulandira n'kumupatsa mfunda wa Chisale.

Mu 1976 adayambitsa KuNgoni Centre of Culture and Art pa bwalo la mishoni ya Mua. Poyamba idali ntchito yosema basi: amuna a m'midzi yozungulira kuphunzira kusema mitengo kuti apeze ndalama, ndi kuti matchalitchi akhale ndi zithunzi zosemedwa kuno m'malo mwa zochokera ku Ulaya. Kuchokera pamenepo mudatuluka Yesu wa nkhope ya Chichewa, Mariya wobereka mwana kumbuyo ndi nsalu, ndi atumwi ooneka ngati asodzi a ku Chipoka. Tchalitchi cha ku Mua chimene chilipo lero, chomangidwa mu 1971, chidakongoletsedwa ndi manja a amisiri omwewa. Ntchito zawo zidafika m'matchalitchi ambiri m'dziko muno komanso kunja, kuphatikizapo kachisi wa bungwe la Missio mu mzinda wa Munich ku Germany.

Patatha zaka zoposa 20 KuNgoni itayamba, pa bwalo lomwelo padatsegulidwa nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya Chamare Museum. Dzinali ndi la wansembe wa ku France, Bambo Jean-Baptiste Champmartin, amene adatumikira ku Mua zaka zambiri. Anthu atalephera kupinda lilime pa dzina lakelo adangoti Chamare, ndipo lidakhala lomwelo.

Kunja kwa nyumbayi makoma adajambulidwa mbiri ya dziko lino. M'kati muli zipinda zitatu. Choyamba chimafotokoza za kubwera kwa amishoni ndi mbiri ya Mua. China chimafotokoza moyo wa Angoni ndi Ayao, kuyambira kubadwa, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka imfa. Koma chimene chimaimitsa mlendo aliyense ndi chipinda cha Achewa, m'mene muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400, zambiri zitakolekedwa pa chimtengo chimene chili pakati pa chipindacho. Chadzunda alimo, Maliya alimo, Simoni alimo. Zilombo zomwe zija zimene zinkaseka amishoni zidapatsidwa denga pa malo a mishoni, mtunda wongoyenda pang'ono kuchokera pa khomo la tchalitchi.

Chimene Boucher ndi anzake adachita si kungosonkhanitsa nkhopezo. Adalemba dzina la chilombo chilichonse, kumene chimavinidwa, ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Pakuti gule si kudumpha ndi fumbi chabe. Pali chilombo chodzudzula mkamwini waulesi, china chodzudzula mfumu yadyera, china chochenjeza za chiwerewere, ndipo Edzi itafika mudatulukanso zilombo zonena za matendawa. Kafukufuku wa zaka zambiriyu adatuluka m'buku la When Animals Sing and Spirits Dance mu 2012. N'kuti bungwe la UNESCO litalengeza kale, mu 2005, kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique ndi chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse.

Izi sizitanthauza kuti mitima ya onse idakhala pansi. Mkhristu amene adasiya dambwe movutikira, mwina atadana ndi abale ake, ali ndi chifukwa chofunsa kuti nanga iye adavutikiranji ngati zomwe adazithawazo zili pa bwalo la parishi. Nayenso mkulu wa kudambwe ali ndi chifukwa chofunsa ngati n'koyenera kuti zinthu za kumanda zizionedwa masana ndi aliyense wolipira pakhomo, wometa ndi wosameta yemwe. Mafunso awiriwa ndi olemera, ndipo nyumba yosungiramo zinthu singawathetse. Chimene nyumbayo idathetsa ndi bodza lakuti mbali imodzi ilibe kanthu koti inzake iphunzireko.

Nanga amalipira ndani?

Nkhani ya Mua ikakambidwa motere imakoma, koma pali mbali ina imene makomiti a zomangamanga ayenera kuimva bwino. Nyumba zambiri zakale za mishoni zidamangidwa ndi thukuta la anthu a kuno, koma ndalama zogulira zipangizo ndi mankhwala zinkachokera kwa akhristu a ku Ulaya ndi ku America. Chitsime chimenecho chikuphwa. Matchalitchi a kumeneko achepa anthu, amishoni achizungu akalamba, ndipo parishi za kuno zauzidwa kwa zaka zambiri kuti ziyenera kudzidalira.

Kumanga chipatala ndi ntchito ya chaka chimodzi kapena ziwiri. Kuchiyendetsa ndi ntchito ya tsiku lililonse: malipiro a anamwino, mankhwala, mafuta a ambulansi, magetsi ndi madzi. N'chifukwa chake zipatala za mishoni zimalipiritsa pamene za boma ndi zaulere, ndipo apa ndi pamene mawu akuti "kutumikira anthu" amayesedwa. Mlimi wa thonje amene sadagulitse, kapena msodzi amene mwera wamutsekera kumtunda sabata yathunthu, amayamba wawerenga za m'thumba asadanyamule mwana wodwala.

Chipatala cha Mua chili m'bungwe la Christian Health Association of Malawi, CHAM, limene lidakhazikitsidwa mu 1966 ndipo zipatala zake zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri m'zipatalazi. Kuyambira mu 2006 lidayambanso kusainirana mapangano ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa ulere, boma n'kudzabweza ndalamazo. Kumene mapanganowa ayenda bwino, amayi ochirira ku chipatala achuluka. Koma ndalama za boma zikachedwa, chipatala chimatsala ndi ngongole ya mankhwala, ndipo amene amamva kuwawa poyamba ndi mayi wa kumudzi uja.

Amisiri osema nawo ali ndi nkhawa zawo. Msika wawo waukulu ndi alendo ndi matchalitchi. Mu 2020, pamene ndege zonyamula anthu zidaimitsidwa kuyambira Epulo mpaka Sepitembala chifukwa cha Covid-19, aliyense wodalira alendo kunyanja, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Cape Maclear, adaona m'mene msika wotere umaumira mwadzidzidzi. Palinso nkhani ya mitengo. Wosema amafuna mtengo wolimba umene umatenga zaka makumi angapo kuti ukule, pamene nkhalango ya Mua-Livulezi ndi mapiri ozungulira zikulimbana kale ndi ootcha makala.

Mua si yokha pa nyanjayi. Amishoni a Dutch Reformed adakhazikika ku Mvera, pa msewu wa Salima kupita ku Lilongwe, mu 1889, ndipo mpingo umene udakula kuchokera pamenepo ndiwo Sinodi ya Nkhoma ya CCAP, ya sukulu ndi zipatala zake. Ku Nkhotakota Aanglikani ali ndi chipatala cha St Anne's. Ku Senga Bay a Baptist adamanga chipatala chaching'ono pakati pa midzi ya asodzi, yambiri ya Asilamu. Pa mzere wa odwala m'malo onsewa pamakhala wa kolona, wa chisoti cha ku mzikiti ndi wa kudambwe, ndipo namwino amafunsa buku la kuchipatala, osati kalata ya ubatizo.

Kwa mipingo ing'onoing'ono imene ikumanga lero, nyengo yavuta kuposa kale. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo idakwera nayo. Bajeti imene komiti idawerengera mpingo chaka chatha imakhala itatha mphamvu denga lisadafike. Malamulo a boma a 2018 adaletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo, zimene zikukankhira omanga ku mabuloko a simenti. Nayo nyanja yakumbutsa anthu kuti ili ndi malire ake: mu 2024 madzi adakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ku Salima komwe. Womanga pafupi ndi gombe ayenera kufunsa akuluakulu kumene madzi adafikapo kale asadakumbe maziko.

Pa zifukwa zimenezi, mpingo wa pa msika wa kumudzi sungayerekeze kumanga chipatala kapena nyumba ya chikhalidwe ngati ya ku Mua, ndipo palibe amene akuuyembekezera kutero. Koma kusankha kumakhalapo ndithu, ngakhale pa ndalama zochepa. Pali kusiyana pakati pa kuwonjezera nsanja ya belu ndi kuwonjezera chipinda chimene mkati mwa sabata chingakhale sukulu ya mkaka, sikelo ya ana, kapena pothawira madzi akasefukira. Pali kusiyana pakati pa mjigo wokumbidwa m'kati mwa mpanda wokhoma ndi wokumbidwa kunja kwa geti. Tchalitchi chambiri chimatsegulidwa maola ochepa pa sabata, masiku ena onse mumangolira mileme, pamene ana a m'mudzi momwemo akuphunzirira pansi pa mtengo.

Ku Mua zaka zimaoneka zokha pa makoma. Pakati pa tchalitchi choyamba cha 1905 ndi chimene chilipo lero cha 1971 padadutsa zaka 66. Chipatala ndi mudzi wa akhate zidabwera m'kati mwa zaka zimenezo, tchalitchi chatsopano chisadamangidwe. KuNgoni idabwera patangotha zaka zisanu chitamangidwa.

Mwezi wa Ogasiti, pamene ntchito ya kumunda yachepa ndipo mwera ukuomba kuchokera kunyanja, KuNgoni yakhala ikuchititsa tsiku la chikhalidwe. Anthu amabwera wapansi, pa njinga za kabaza ndi pa malole kuchokera ku Golomoti, Mtakataka ndi midzi ya kugombe. Angoni amafika ndi zishango ndi nthenga zawo kudzavina ngoma, Ayao amabwera ndi magule awo, amayi a Chichewa amavina chisamba. Kenaka ng'oma zimasintha kaliridwe, ana amathawira kumbuyo kwa amayi awo, ndipo zilombo zimatulukira pa bwalo la mishoni, ansembe ndi asisiteri atakhala pa mipando ya kutsogolo.